Telala Sakoka Nsalu

Atelala anasoka zaka makumi atatu ndi ziwiri pa makina opalasa ndi mapazi, m'kachipinda koyang'ana msewu, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mabatire. Magetsi akathima, anzawo a makina amakono ankatuluka kukaothera dzuwa, iwo mapazi ali pantchito osakweza n'komwe mutu. Aliyense amene anaphunzira kusoka m'manja mwawo anamva lamulo limodzi mpaka kutopa nalo: usakoke nsalu. Makina ali ndi mano ake pansi pa singano, amakoka okha. Ukalimbana nawo singano ithyoka, msoko ukhota. Iwe ingowongola basi.

Tsiku limene anagwa anali atakwera makwerero kuti apachike makatani amene anasokera sitolo ina. Sanagwe kuchokera patali, koma msana unafikira pa ngodya ya tebulo, ndipo atatsitsimuka kuchipatala miyendo inali ngati ya munthu wina. Madokotala anati mtsempha wa mumsana sunadukiretu. Phazi lamanzere linkamva akalikanda, ndipo chala chachikulu chinkagwedera akachiumiriza.

Kuyambira pamenepo ntchito yonse inagwera mkazi wawo. Kuwachotsa pabedi kuwaika panjinga ya olumala, panjinga kuwaika pachimbudzi, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Ankawakumbatira m'khwapa, n'kuwerenga mpaka katatu, n'kunyamula. Iye anali wamng'ono thupi, ndipo pofika mwezi wachisanu msana wake nawo unali utayamba kudandaula, koma analibe womuuza poti mwini msana wothyoka anali pomwepo.

Mwezi umenewo ndi umene Atelala anapatsidwa malo pa loboti yophunzitsa anthu kuyenda. Inali imodzi yokha m'chipatala chonsecho, m'chipinda chonunkha mankhwala okolopera. Munthu ankamangidwa malamba pachifuwa ndi m'chiuno n'kulendewera ngati jekete pa hang'ala, miyendo yachitsulo n'kumangiriridwa ku miyendo yake, pansi lamba wamkulu akuyenda. Pakhoma panali sikirini ya mizere iwiri: wofiira woonetsa mphamvu ya makina, wobiriwira woonetsa mphamvu ya wodwalayo. Mayi woyang'anira chipindacho, amene onse ankangomutcha Afizo, ananeneratu kuti aliyense amapatsidwa milungu isanu ndi umodzi. Wobiriwira ukapanda kukwera, malo amapita kwa wina, chifukwa odikira anali ambiri.

Odwala anali atapatsa makinawo dzina loti Apongozi. Analiyambitsa ndi bambo wina wolongolola, kondakitala wakale, amene ankati chinthu chokugwira m'chiuno n'kukupititsa komwe chikufuna, iwe osayankha, sichingakhale ndi dzina lina.

Atelala anagwirizana nawo Apongoziwo kuyambira tsiku loyamba. Ena ankatuluka thukuta, kutukwana, kugwedezeka mpaka makina kulira n'kuima. Iwo ayi. Ankayenda mphindi makumi atatu mutu uli chilili, n'kutsika malaya ali ouma. Afizo ankawauza momveka kuti akankhe, ayese kuponda ngakhale mwendo ukukana. Iwo ankayankha mwaulemu kuti amva, koma pobwerera ankauza mkazi wawo kuti mayiyo ndi wa mabuku, makina sawadziwa. Ankati anyamata aja adzathyola chinthu chodula ndi phuma lawolo.

Mkaziyo ankangovomera. Maganizo ake ankakhala pa ulendo: maminibasi awiri popita, awiri pobwera, katatu pa mlungu, ndipo paliponse kukangana za pomwe njinga ikhale.

Mlungu wachisanu utatha, Afizo anaitanira mkaziyo pambali n'kumusonyeza pepala. Mzere wobiriwira unali utagona pansi ngati ulusi wotayika, kuyambira tsiku loyamba mpaka lero. Anati sakumvetsa, chifukwa pabedi phazi lamanzere limayankha ndithu, koma akakwera pamakina limangoti zii. Lachisanu likudzalo likadzakhala chomwecho, sadzachitira mwina.

Chimene chinayamba kubwera mumtima mwa mkaziyo chinali mpumulo, ndipo anachita nacho manyazi. Maminibasi atha. Koma asanafike n'komwe pachipata anakumbukira kuti akachoka pamakinapo, wonyamula ndi yemweyo mpaka kalekale, ndipo manja ake sakubwerera ku utsikana.

Kunyumba sananene kanthu masiku awiri. Lachitatu masana anavundukula makina osokera, amene anawasamutsa kuchokera ku kachipinda kuja n'kuwaika pakona, kuti akonze thalauza la Atelala lomwe malamba a kuchipatala anali ataling'amba m'chiuno. Kusoka ankakudziwa pang'ono chabe. Mwini makina anasendeza njinga yawo pafupi, maso pa singano, ndipo sipanapite nthawi.

"Musakoke nsalu, mayi. Makina amakoka okha."

Iye anachotsa mapazi pa chopondera. Gudumu linazungulira kawiri n'kuima. Anakhala manja ali pa thalauzalo, osasuntha.

"Nanga mwaimiranji?"

"Ndikudikira akoke okha."

Atelala anaseka pang'ono, kuseka kwa mphunzitsi, n'kunena kuti manja ndiwo sakoka, koma phazi lisaleke kupalasa, apo ayi palibe chiyenda.

"Ndiye kuchipatala kuja, bambo, inu mumakhala nsalu. Zaka zonsezi munali phazi. Lachisanu akuchotsani, ndipo ine msanawu watha."

Anali asanawauzepo za msana wake. Atelala anayang'ana chopondera chija, pomwe utoto unafufutika malo awiri olingana ndi mapazi awo. Anabwezera njinga m'mbuyo n'kupempha madzi akumwa, ndipo thalauzalo mkaziyo analimaliza yekha, msoko wokhotakhota.

Lachisanu anafika mochedwa chifukwa minibasi yoyamba inakana njinga. Afizo anamanga malamba mwakachetechete. Makina atayamba, mkaziyo anaona khosi la mwamuna wake likutupa mitsempha. Pa mphindi yachitatu Apongozi analira n'kuima, chifukwa Atelala anakankha nthawi yolakwika. Anayambiranso, n'kuimanso. Kondakitala, amene ankadikira nthawi yake pakhomo, anati tsopano mkamwini wayamba kuyankha, banja ili litha.

Atelala sanaseke. Thukuta linkatsikira m'maso ndipo analibe dzanja lopukutira, onse awiri atagwira zitsulo. Milomo yawo inkayenda, ndipo mkaziyo anazindikira kuti akuwerenga mmene ankawerengera pophunzitsa munthu kupalasa: chala, chidendene, chala, chidendene. Mwendo wamanja sunachite kanthu. Koma nthawi iliyonse wamanzere ukatsika, mzere wobiriwira unkadumpha pang'ono, kutalika ngati chikhadabo, n'kugweranso pansi.

Sanathe mphindi makumi atatu. Pa khumi ndi ziwiri anapempha kutsika, nkhope itatuwa. Afizo anayang'ana sikirini nthawi yaitali, n'kulemba papepala milungu ina inayi. Anati sakulonjeza kuti adzayenda. Mwina adzangotha kuima pang'ono pochoka pabedi.

Mkaziyo anathokoza. Mumtima anali atawerenga kale kuti milungu inayi ndi maulendo khumi ndi awiri.

Atafika kunyumba dzuwa likupendeka, Atelala anali olefuka ngati chovala chonyowa, olemera kuposa masiku onse. Iye anaimika njinga pambali pa bedi, anamanga mabuleki, anawakumbatira m'khwapa n'kuwerenga mpaka katatu. Ali pakati ponyamula anamva katunduyo akupepuka pang'ono mbali imodzi, kanthawi kochepa ngati kuphethira. Phazi lamanzere linali litaponda pansi.

Anawagoneka, anawavula nsapato, kenako anakhala pansi n'kutsamira khoma kuti msana uleke kaye kuwawa asanapite kukatereka madzi osamba.