Shuga wa pamfundo ya chitenje

Anamwino ena opuma pantchito a ku Njuli saphunzitsa kholo popanda mwana, kapena mwana popanda kholo. "Matenda a shuga ndi a anthu awiri," amatero, uku akumugwiritsa jakisoni Selestina, wa zaka khumi ndi chimodzi, kuti adzibaye yekha amake akuona. Chimene chinkawasautsa amakewo ndi mfundo ya pachitenje cha anamwino, momwe amamangamo shuga. Amakewo anachotsa shuga yense m'nyumba tsiku limene mwana anapezeka ndi matendawa.

M'mawa wina Selestina anadzibaya, koma phala analisiya pothamangira sukulu. Anabwerera panjira thukuta lili kamukamu, miyendo ikunjenjemera. Anamwino ataitanidwa anafika n'kumasula mfundo ija.

"Mundiphera mwana, amayi," anatero amake atawagwira mkono.

"Jakisoni wamutsitsa shuga kwambiri, tikachedwa akomoka. Mumupatse ndinu, tsiku lina ine kudzakhala kulibe."

Amake anamunyambititsa shugayo mpaka mwana anadzutsa mutu n'kupempha phala lake.

Lero chitenje cha amake Selestina chili ndi mfundo yakenso, ndipo amangoigwiragwira ngakhale ali m'tchalitchi.