Wofulula Mowa Amene Anasiya Kumva Fungo

Tsiku limene Dervla Tynan anachotsedwa ntchito, migolo ya mowa inali itandandalikidwa pabwalo la fakitale, yonse yobwezedwa. Eni mabala a m'tauni muja anali ataikana. Mowawo unkanunkha ngati mankhwala otsukira chilonda, ndipo amene anaulawa n'kunena kuti uli bwino, utuluke, anali Dervla yemweyo.

Inu amene munataya chinthu chimene munkadyera, musafulumire kuchoka. Nkhaniyi ndi yanu.

Dervla anali mayi wa zaka zopitirira makumi anayi, wosakwatiwa, wa m'katauni kena m'mbali mwa mtsinje wa Nore, ku Kilkenny kuno ku Ireland. Kufulula mowa anakuyamba ali mtsikana, ndipo chimene ankatchuka nacho chinali mphuno zake. Ankangoima pakhomo la chipinda chophikira n'kunena kuti chimera chalero chakazingidwa mopitirira, asanatsegule ndi thumba lomwe.

Nyengo yozizira ina, anaterereka pa makwerero onyowa n'kumenyetsa nkhongo pa simenti. Chilonda chinapola bwinobwino. Koma atabwera kunyumba n'kuphika tiyi, anamva ngati akumwa madzi otentha. Nyama yankhumba inali ngati akutafuna nsanza yamchere. Lilime linkamva kutsekemera, mchere ndi kuwawa basi. Fungo lonse la padziko linali litazima.

Sanauze munthu. Ankaganiza kuti zibwerera mawa. Ankanyamula tambula, kuiyandikitsa kumphuno monga mwa masiku onse, n'kugwedeza mutu ngati wamva.

Tsiku la migolo yobwezedwa lija, mwini fakitale, Cormac, anatunga mowa mumgolo umodzi n'kumupatsa.

"Tanunkhizani apa, Dervla."

Dervla anagwira tambulayo nthawi yaitali.

"Sindikumva kanthu, a Cormac."

"Kuyambira liti?"

"Chigwereni paja."

Cormac anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Mukanangondiuza, mayi. Mukanangondiuza basi."

Dervla anatuluka pageti atanyamula nsapato zake za jombo m'manja.

Nyumba yake inali yomalizira pa msewu wopita kumtsinje, yosiyidwa ndi makolo. Mchimwene wake yekhayo anali ku Australia, ndipo ankaimba foni pa Khirisimasi. Dervla anasiya kupita ku bala. Ku Misa ankapita ya m'mawa kwambiri, n'kuthawa wansembe asanafike pakhomo kudzapatsa anthu moni. M'sitolo ankaima patali ndi anzake, poopa kuti mwina akununkha thukuta iye osadziwa. Mkaka ukawonongeka ankauzindikira utaundana m'kapu. Tsiku lina mbatatesi zinapserera pamoto iye ali m'chipinda china, ndipo anadziwa pokhapokha utsi utayamba kumuyabwa m'maso.

Patapita miyezi anapeza ntchito yochapa kunyumba yosungirako okalamba. Anzake a kumeneko sanali oipa mtima, koma pakamwa pawo panali pothwa.

"Zofunda za chipinda chomaliza zija mupatseni Dervla," ankatero mmodzi. "Mphuno zake zili patchuthi."

Dervla ankaseka nawo. Akafika kunyumba ankadya ataimirira, chifukwa chakudya chosamveka kukoma sichifuna mpando.

Dokotala wa ku Waterford sanamunamize. "Timitsempha ta fungo tinaduka pamene munagwa. Kwa ena timaphukanso, kwa ena ayi. Ine sindikulonjezani kanthu. Koma sankhani zinthu zimene munkazidziwa bwino, muzizinunkhiza m'mawa ndi madzulo, kwinaku mukukumbukira mmene zinkanunkhirira."

Dervla anatsuka mabotolo a jamu. M'limodzi anathiramo chimera, m'lina balere wokazinga mpaka kuda, m'lina maswiti a tofi, m'lomaliza timaluwa touma ta hopu, tija timawawitsa mowa. Anawaika pawindo la kukhitchini.

M'mawa uliwonse ankatsegula botolo, kutsinzina, kukoka mpweya. Palibe. Kutsegula lina. Palibe. Mvula inkawaza pawindo, basi ya ana asukulu inkadutsa, iye ali pomwepo ndi mabotolo ake. Masamba anayoyoka m'mitengo, ena anaphuka, nawonso n'kuyoyoka. Masiku ena ankadzipeza akuwapatsa moni mabotolowo, chifukwa mnyumbamo munalibenso wina woti amve mawu ake.

Kenako fungo linabwera, koma linabwera lolakwika. Khofi, sopo, buledi, ngakhale madzi a pampopi, zonse zinkanunkha matayala owotcha. Anaonda. Madzulo ena anasonkhanitsa mabotolo aja m'thumba kuti akawataye, koma anaganiza zoyamba waimbira dokotala.

"Matayala owotcha?" anatero dokotala. "Mayi, imeneyo ndi nkhani yabwino. Timitsempha tadzuka, tangosokoneza njira. Musasiye."

Dervla anabweza mabotolo pawindo.

Mmawa wina wa mwezi wa Okutobala anatsegula botolo la balere wokazinga, asakuyembekezera chilichonse. Kuseri kwa fungo la matayala lija kunali kanthu kena, kakang'ono ngati ulusi: kafungo ka khoko la buledi wongotuluka mu uvuni. Anakoka mpweya kachiwiri. Kanalipobe.

Anaimirira, mpando n'kugwa. Anatembenuka kuti auze munthu. M'khitchinimo munali iye ndi ketulo.

Anakauza gogo wina wa kuntchito, Mayi Bolger, akuwayalira bedi. "Amayi, lero ndamva fungo la balere!"

Gogoyo anamwetulira, n'kumusisita dzanja. "Zabwinotu zimenezo. Kodi paja ndiwe mwana wa ndani?"

Pang'onopang'ono chimera chinabwerera, tofi nayenso anabwerera. Koma hopu anakana. Mpaka lero Dervla akanunkhiza hopu amangomva udzu wouma. Ndipo nthawi imeneyo mafakitale ang'onoang'ono onse anali pa mpikisano wa mowa wodzaza hopu, wonunkhira zipatso, umene achinyamata ankaufuna. Khomo limenelo linali litamutsekera.

Panatsala mowa umodzi umene suimira pa hopu: mowa wofiira wa kuno kwathu, uja achinyamata amati ndi wa madala. Moyo wake wonse uli m'chimera. Kufiira kwake, konga mkuwa wopukutidwa, kumachokera ku kabalere kokazinga kodzaza dzanja. Si mowa waukali, si mowa wodzionetsera. Ndi mowa womwa anthu akucheza, woti sulanda nkhani pakamwa. Dervla anaona kuti zonse zimene mowawu umafuna ndi zomwe mphuno zake zinali zitabweza.

Anasesa kashedi ka bambo ake, anagula poto wamkulu kwa mlimi wina amene anasiya kuweta ng'ombe zamkaka, n'kuyamba kufulula masiku osapita kuntchito. Ankatakasa phala la chimera yekha, kusefa yekha, kudikira yekha kuti mowa upse.

Koma ulendo uno sanafune kudzikhulupirira yekha. Lachiwiri lina masana, nthawi imene m'bala simukhala anthu, ananyamula botolo kupita kwa Mossie Phelan, mkulu wamasiye amene anali mnzawo wa bambo ake ndipo anagulitsa mowa pa kona yomweyo moyo wake wonse.

"Ee, akufa adzuka!" anatero Mossie ataona Dervla pakhomo. "Mwana wa Tynan! Ife tinkati unalowa usisitere."

"Ndabwera ndi kamowa, a Mossie. Mundiuze zoona."

"Si wa mankhwala a chilonda uja? Makasitomala anga anachira zilonda zonse chaka chimene chija."

Dervla anafuna kubwerera pomwepo, koma sanatero. Anaika botolo pa kauntala.

Mossie anathira, anakweza tambula kuloza kuwindo. "Mtundu wokha ndiye waupeza." Anamwa, n'kukwinya nkhope. "Koma iwe, uyu ndi tiyi wa malemu mayi anga, shuga theka la kapu. Mowa wofiira uziyamba ndi kutsekemera kwa tofi, inde, pakati pazimveka ngati bisiketi. Koma pomeza uzikupukuta m'kamwa, uzisiya mouma, kuti dzanja lipitenso lokha ku tambula. Uwu ukumata milomo."

Dervla anabwerera ku shedi. Anawonjezera balere wokazinga. Patatha mwezi anali pa kauntala pomwe paja.

"Ndikanafuna mowa wakuda ndikanaitanitsa wakuda," anatero Mossie akupukuta pakamwa. "Wandimwetsa phulusa, mtsikana iwe."

Mowa wina unatuluka wopanda thovu. Wina unali wamadzimadzi. Wina Dervla anautaya yekha m'ngalande asanauonetse munthu, n'kukhala pa chidebe mpaka manja atachita dzanzi ndi kuzizira. Panalibe womuuza kuti yesanso. Ankadziuza yekha, mokweza, ngati wamisala.

Tsiku lina Mossie anamwa. Anamwanso. Anayang'ana kudenga, n'kumaliza tambula yonse. Kenako anaikankhira kwa Dervla.

"Thiranso."

"Ndiye kuti bwanji?"

"Ndati thiranso, wagonthanso makutu? Mphuno zokha sizinakukwane?"

Dervla anathira. Kenako anati, "A Mossie, pali zinthu zina zimene sindidzazimvanso. Mowa ukadwala, mwina ine sindidziwa. Ndikupempha kuti zimenezo muzindimvera ndinu."

Mkuluyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo ako anafa osapemphapo munthu chilichonse, ndipo sizinawathandize. Bwera nawo uliwonse. Mphuno zanga zikungokhala."

Mowa wa mu shedi sugulitsidwa m'bala. Pankafunika matanki ovomerezeka, ndipo m'tauni monse anali pa malo amodzi, kufakitale ya Cormac. Dervla anadutsa pa geti ija kangapo osalowa. Potsiriza analowa, botolo lili m'thumba la jekete.

"A Cormac, sindinabwere kudzapempha ntchito," anatero. "Ndinakunamizani, ndipo munavutika chifukwa cha ine. Chimera ndikuchimva tsopano, hopu sindimumva, ndipo mwina sindidzamumvanso. Talawani ichi."

Cormac analawa. Anazunguza mowa m'tambula.

"Thanki yaing'ono ija imangokhala sabata yomaliza ya mwezi," anatero. "Koma mgolo usatuluke anthu ena asananunkhize."

"Ndi zimene ndimati ndipemphe."

Ntchito yochapa sanaisiye msanga. M'mawa ankapinda zofunda za okalamba, masana n'kukakwera makwerero a thanki, akugwira zolimba ndi manja onse awiri. Migolo yoyamba inapita kwa Mossie, yopanda dzina, yopanda chithunzi. Pa mpopi wake Mossie anangolembapo ndi choko kuti "wofiira."

Lamlungu lina masana, timu ya parishi itapambana masewero a hurling, mpira womenya ndi ndodo, Dervla anadutsa pa bala kuti akatenge migolo yopanda kanthu. Munali modzaza, mawindo atachita nthunzi, majekete onyowa ataunjikidwa pa khomo. Anaima pakona. Pa matebulo ambiri panali matambula ofiira, thovu loyera litasiya mizere m'mbali. Palibe amene ankakamba za mowawo. Ankakamba za chigoli chomaliza, za mtengo wa ng'ombe, za woyimbira masewero amene anaiwala maso kunyumba, ndipo manja ankangopita okha ku matambula.

Mlimi wina wamtali, tsaya lofiira ndi mphepo, anagogoda pa kauntala. "Mossie, wina ngati yemweyu. Kodi akufulula ndani? Wotere ndinaumwa komaliza bambo anga ali moyo."

Mossie anangoloza ndi chibwano kukona kuja.

Mlimiyo anatembenuka, anamuyang'ana Dervla, n'kugunda mnzake ndi chigongono. "Tasendera uko iwe, wakhala ngati benchi unagula ndiwe. Mayi, bwerani mukhale apa. Mwaimiriranji ngati mlendo?"

Dervla anayang'ana kukhomo. Kenako anavula jekete n'kukakhala pakati pawo. Munthu wina anamuikira tambula kutsogolo. Anaikweza, n'kumva tofi, n'kumva khoko la buledi, ndipo pomeza m'kamwa munatsala mouma bwino. Wina anamufunsa ngati anaonera masewero, iye n'kuyankha kuti ayi, ndipo anthu atatu anayamba kumufotokozera nthawi imodzi.

Sindikuuzani kuti zonse zinabwerera. Maluwa a m'munda mwake sawamva mpaka lero. Nyumba ija ikadali ya munthu mmodzi. Koma mowa wake tsopano ukumwedwa m'mabala angapo a m'mbali mwa Nore, ndipo Lamlungu masana anthu amadziwa kumene angamupeze.

Mwina inunso munataya chinthu chimene sichidzabwerera chonse. Musawerenge zokhazo zimene zinapita. Yang'anani chimene chatsala m'manja mwanu, ngakhale chichepe bwanji, muyambire pamenepo. Pamene simukwanitsa, nenani poyera, mupemphe mnzanu akugwireni dzanja. Ndipo ngati lero mwayesa osamva kanthu, mawa mudzuke mudzayesenso. Mtima wanu usagwe, m'bale wanga. Ugwireni zolimba.