Mkamwini M'tenti ya Masaka

M'chaka cha 1978, thonje litayamba kuyera m'minda, ofesi ina ya boma ku Katete inalengeza kuti damu la Kavuma, chakum'mwera kwa Sinda, lisamatchedwenso damu. Kuyambira tsikulo linali nyanja. Bwana amene anawerenga chilengezocho pamsonkhano anaonjezera kuti alendo akunja azibwera ndi matenti kudzagona m'mphepete mwa madzi, pakuti kwawoko munthu akalemera amasiya nyumba ya njerwa n'kukagona pansi. Pambuyo pa alendowo padzabwera msewu, sitolo ndi maboti. Ng'ombe zimene zinkamwa m'nyanjayo sizinauzidwe.

Chinatsala n'chimodzi: munthu woti akakhale m'tenti mpaka bwanayo adzamujambule, chithunzi chipite ku Lusaka. Dzanja limene linakwera linali la a Gervazio Sakala.

Dzanja limeneli linali lodziwika. A Gervazio anabadwira ku Vubwi, ndipo ali mnyamata ankanyamulira katundu anthu oyeza malire. Kumeneko ndiko anaona tenti, kuiona chabe, poti iwo ankagona kunsi kwa lole. Kenaka anakwatira a Ottilia n'kukhala mkamwini kumudzi kwa mkazi, pafupi ndi damulo. Katemera akabwera, woyamba kubayidwa anali iwo. Mpendadzuwa, woyamba kudzala iwo. Itabwera kalabu ya njuchi anayenda ndi nkhope yotupa ngati dzungu, maso osaoneka, mano okha ali mbuu ndi chimwemwe.

Tenti yeniyeni boma linalibe. Linali ndi ndondomeko ya matenti. Choncho a Gervazio anatenga masaka a feteleza ochapa bwino n'kupita kwa a Sefu, telala wa pakhonde la sitolo ku Katete. A Sefu anali atasoka mikanjo, masuti ndi mayunifomu, koma nyumba anali asanasokepo. Anawayeza kuchokera paphewa kufika m'kakolo, monga ayezera mkanjo.

"Mufuna ya mabatani kapena ya zipi, bwana?"

"Azungu amakonda chiyani?"

"Zipi kulibe, ili pa shoteji. Amakonda mabatani."

Tenti inatuluka ndi mabatani pakhomo, ndi kathumba mkati koikamo fodya.

Tsiku lopita ku damu ndi tentiyo, a Ottilia anali ku Mkaika kukaona mng'ono wawo, ndipo a Gervazio, pokondwa, anaiwala kusiya mawu. Anakulunga mphasa, bulangete ndi nkhwangwa, anasenza, n'kudutsa pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu, akuimba mluzu. Tsono kumeneko mkamwini akatuluka m'mudzi masana atasenza mphasa, bulangete ndi nkhwangwa, palibe amafunsa kumene akupita. Ukwati watha.

A Rabson, amalume a Ottilia, anali atakhumbira kalekale dimba limene mkamwiniyo ankalima. Anaimirira, anavula chipewa, anachivalanso. "Mwaona nonse! Wadzisudzula yekha, sitinamukankhe. Loweruka ankhoswe akhale pansi, dimba lipite kwa wina."

A Ottilia pobwerera anapeza amayi atadzaza pakhonde, kuwapepesa. Wina anali atabwera kale ndi mbiri ya mphunzitsi wamasiye wokhala ndi njinga. A Ottilia sanatule n'komwe mtolo. Anatembenuka, ulendo wa ku damu.

Anawapeza amuna awo atakhala pamwala, mwendo pamwamba pa unzake, akuyang'ana madzi. Kumbuyo kwawo tenti inaima pa nsungwi, zilembo za feteleza zili chadodolido, mbuzi ikutafuna chingwe chimodzi.

"Atate a Davide, mwapenga kapena mwandisiya? Sankhani chimodzi, ndikauze anthu."

"Ndili pa ntchito ya boma, amake Davide. Ndikupuma."

"Mukupuma chiyani? Thonje lili m'munda!"

"Ndi mmene amachitira. Umangoyang'ana madzi."

"Madziwo akutani?"

"Sakutani. Ubwino wake ndi womwewo."

A Gervazio atamva za ankhoswe ndi dimba, mwendo unatsika pa unzake. Popanda ukwati a Gervazio analibe munda, nyumba, ngakhale nkhuku. Zonse zinali za kwa mkazi. Koma kuchoka sakanatha. Analonjeza pamsonkhano, anthu anaomba m'manja, ndipo bwana akanatha kufika nthawi ina iliyonse n'kupeza nyanja yopanda mlendo.

"Ndiye kakwatireni bwana wanuyo," anatero a Ottilia. "Akakupatseni dimba ku Lusaka."

Dzuwa linali litawapsetsa panjira, choncho anamasula mabatani n'kulowa m'tenti, kuti akalipe ali pamthunzi. Anagona chagada pamphasa. Anakalipa pang'ono, mawu n'kumachepa. M'menemo munalibe mwana wolira, munalibe wopempha mchere, munalibe mtondo wowadikira. Kamphepo ka pamadzi kankatukumula masaka n'kuwaphwetsa. Anapeza kathumba ka fodya kaja, analowetsamo dzanja, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka tenti yonse inagwedera, mbuzi n'kuthawa.

"Atate a Davide, zoona anthu amakwera ndege kudzachita zimenezi?"

"Ndege ziwiri."

"Kaphikeni tiyi. Nanenso ndili pa ntchito ya boma."

A Gervazio, amene anali asanagwirepo ketulo chikwatirire, anasonkha moto pamafuwa, utsi uli m'maso, akuimba.

Loweruka m'mawa a Rabson anatsogolera ankhoswe ndi theka la mudzi kupita ku damu, kuti umboni uoneke ndi maso. Anapeza tenti yotseka mabatani. Koma a Sefu anayezera m'kakolo, choncho kunsi kwa tenti kunatulukira mapazi, ndipo mapaziwo anali anayi. Awiri anali a mkamwini. Awiri enawo a Rabson anawadziwa bwino, poti zala zake zinali za kwawo.

"Ottilia! Tuluka m'sakamo!"

"Gogodani, amalume, ndi nyumba iyi!"

"Ndigogode pati?"

Nthungululu inayambira kumbuyo n'kufalikira gulu lonse. Nkhoswe ya kuchimuna inafunsa mwaulemu ngati panamvekapo za mwamuna wosudzulidwa amene mkazi amamutsata kukagona naye m'saka limodzi. Nkhoswe ya kuchikazi inayankha kuti sinamvepo, ili kupukuta misozi. Mlandu unathera pomwepo, anthu ataimirira.

Kenaka aliyense anafuna kulawako. Amayi anapanga mzere, awiriawiri, kulowa, kugona chagada, kutuluka akugwirana m'mapewa ndi phwete. Mkulu wina wa mpingo anapempha kuti amutsekere mabatani onse. Wina anakatenga ng'oma. A Rabson anakana katatu, kachinayi anakwawa n'kulowa kuti aone chopusa chake, ndipo anatenga nthawi yaitali kuposa onse. Potuluka anasasa fumbi m'mawondo.

"Ukwati ulipo," anatero. "Nzeru ndiye palibe. Dimba limani."

A Gervazio ndi a Ottilia anakhalabe pa nyanjayo kudikira chithunzi, thonje akukatola masana n'kubwerera kudzayang'ana madzi, mpaka mvula yoyamba inadutsa m'masaka ngati m'sefa. Atapita ku Katete kukafunsa, kalaliki anawauza kuti bwana uja anasamutsidwa mwezi womwewo wa msonkhano, ndipo damu la Kavuma linaperekedwa kale ku dipi yosambitsira ng'ombe.