Ndinapopera Mankhwala Buku la Madala

Inu owerenga, ine ndinawononga ndi manja angawa ntchito imene munthu anaigwira zaka khumi ndi ziwiri, kenako ndinakhala chete masiku anayi. Kuwonongako kunali kusadziwa, koma kukhala cheteko ndiye kunali kupusa, ndipo ndi pamene ndikufuna kukuchenjezani.

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Bin Mahmoud, kuno ku Doha, pabanja la azungu a ku Australia. Korona itavuta, bambo awo a adona, amene anangobwera kudzacheza, anakanika kubwerera kwawo. Ine ndinkawatchula kuti Madala. Anali mlembi wa mabuku. Buku lawo loyamba linatchuka ali mnyamata, lachiwiri anyuzipepala analinyoza, lachitatu osindikiza analibweza kangapo, mpaka kwawoko ena ankayesa kuti anamwalira kale. Lachinayi ndi limene anabwera nalo m'katoni, lolemba pamanja ndi cholembera chothira inki. Kompyuta sankafuna n'kuiona komwe. Kope lina panalibe.

Masana aliwonse ndikamasita, Madala ankakhala pakhomo n'kumawerenga mokweza zimene analemba, ati amve ngati mawu akuyenda bwino. Ine ndinakulira m'kwaya, kumene nyimbo timaigwira ndi khutu popanda pepala, choncho zambiri zinkangondikhala m'mutu.

Adona ankaopa matendawa moti analamula kuti ndizipopera chilichonse: zitseko, zogula za kushopu, ngakhale makiyi. Tsiku lina Madala anayamba kutsokomola, ndipo anawatengera kukayezetsa. Ine ndi changu changa chija ndinalowa kuchipinda kwawo ndi botolo la mankhwala. Ndinati mapepala a buku lawo aja ndiwo amawagwira kwambiri, amachita kunyambita chala potembenuza. Ndinapopera mosaumira, inu. Poti ndiyang'ane, inki ikuyenderera.

Ndinachita mantha. M'malo moyanika, ndinasonkhanitsa mapepala onyowawo, ndinawaika pansi m'katoni, ouma pamwamba, n'kutseka. Madala anapezeka alibe korona, koma chimfine chinawagoneka masiku anayi. Pamene ankatsegula katoniyo, masamba makumi anayi anali atamatirana kukhala chibuma chimodzi. Ndikanaulula tsiku lomwelo, ambiri akanawerengeka.

Sanakalipe. Anangokhala pansi atagwira chibumacho. Ndinagwada n'kuulula zonse. Adona anati halasi, ndiye kuti basi m'Chiarabu, ntchito yatha, ndilongedze. Ndinaganiza za ana anga awiri ku Dedza ndipo ndinalira, koma manyazi ndiwo anandipweteka kwambiri.

Ndikulongedza, ndinawamva Madala akuyesa kukumbukira chiyambi cha mutu wina, akungobwereza mawu atatu omwewo. Pakamwa panga panangotseguka. Ndinawamalizira mzerewo, n'kupitiriza wachiwiri ndi wachitatu. Chizungu changa n'cha Fomu 2, mawu ena sindinkadziwa n'komwe tanthauzo lake, koma ndinawatchula mmene iwo ankawatchulira. "Usapite kulikonse, khala pampandopo," anatero uku akutenga cholembera.

Adona sanasinthe maganizo. Mwayi wanga unali woti lamulo linali litangosintha, wantchito akutha kupeza bwana wina popanda kalata ya chilolezo ya bwana wakale. Mnzanga wa ku Chipata anandipezera malo pahotela ina ku Najma, konkuno ku Doha, ndipo sindinakwere ndege. Lachisanu lililonse, tsiku langa lopuma, ndinkabwerera kunyumba ija masiki ili kukamwa. Adona ankatsegula chitseko nkhope ili gwa, ine n'kungowapatsa moni bwinobwino. Miyezi isanu, ine kunena, Madala kulemba. Pena tinkakangana, ine ndikuti simunatero ayi, iwo n'kuseka, n'kufufuta. Tsamba likatha ndinkalijambula pafoni, ngakhale iwo ankang'ung'udza.

Bukulo linatuluka. Anyuzipepala aja analemba kuti mkuluyu wadzuka, ndipo osindikiza amene ankawabweza anayamba kupempha ngakhale lachitatu lija. Madala ananditumizira kope kuchokera kwawo. Patsamba loyamba pali dzina langa, ndi mawu akuti kwa mayi amene anasunga bukuli m'makutu. Ine ndemwe, wokolopa m'zipinda za hotela. Ndimalionetsa aliyense wobwera kuchipinda kwathu, ndipo sindinama, ndimanyada.

Koma masamba asanu ndi awiri sanabwerere. Anali onena za tsiku limene akazi a Madala anamwalira. Amenewo sanawawerengepo mokweza chifukwa mawu ankawathera pakhosi, ndipo atayesa kuwalembanso analephera. Ndiwo anali pansi penipeni, pamene ndinawabisa ine. M'bukumo akazi awowo m'mutu wina ali moyo, m'mutu wotsatira anamwalira kale, ndipo ndikumva kuti ophunzira a kwawoko amatama malo amenewo kuti ndi luso lalikulu. Ine ndi Madala timadziwa kuti ndi botolo langa lija.

Tsono inu anzanga amene mumagwira ntchito m'nyumba za anthu, musamayeretse chinthu chimene simukuchidziwa musanafunse mwini wake. Ndipo mukalakwitsa, musadikire kuti mantha athe. Nenani pomwepo, pepala likadali lonyowa.