A Wailesi Aphunzira Kulipira ndi Foni

Pamsika pomwe mayi ena ankagulitsa zovala za kaunjika, anthu ankawatcha a Wailesi, chifukwa pakamwa pawo sipankauma. Munthu wobwera kudzangoona ankachoka ndi malaya awiri m'manja, akuseka, osadziwa kuti wagula bwanji. Ndiye mwana wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito kunja, atabereka mapasa anawatumizira tikiti ya ndege.

"Si nthawi yaitali, amayi. Ana akangolimba khosi mubwerera."

Ana analimba khosi, anakhala pansi, mpaka anayamba kukwawa. A Wailesi anali akadali m'nyumba yomweyo yosanja, ya zipinda ziwiri, yomwe zenera lake linkayang'ana khoma la nyumba ina. Mwana wawo ndi mkamwini ankalawirira kuntchito, chitseko n'kutsekeka. Kunja anthu ankalankhula Chisipanishi, chothamanga ngati mvula padenga la malata. Mayi woyandikana nawo akawapatsa moni pakhonde, iwo ankangoonetsa mano.

Ngakhale kukagula sopo sakanatha, poti m'nyumbamo chilichonse ankalipira ndi foni. Atadandaula, mkamwini, munthu waulemu koma wa changu nthawi zonse, anawakonzera foni yake yakale.

"Amayi, mukafika polipirira mungoti, ¿Puedo pagar con el móvil? Ndiko kuti, ndingalipire ndi foni? Kenako muigunditse pakamakina. Basi."

"Nanga akandiyankha, bambo?"

"Sayankha zambiri."

A Wailesi anayamba kuyeserera pa mapasa. Powasambitsa, puwedo pagala. Powadyetsa, koni eli movili. Anawo ankaseka mpaka dovu kuchucha, agogo awo n'kumati, "Sekani, inunso simudziwa kanthu."

Tsiku lina masana matewera anatha. Anaika ana m'chikuku, kutsika nawo pa chikepe, kuwoloka msewu mtima uli m'mwamba. Musitolo anapeza matewera, nakaima pamzere. Atafika kwa mtsikana wolandira malipiro, ananena mawu aja bwinobwino, osaphonya. Mtsikanayo anamwetulira, n'kuwayankha mtsinje wonse wa mawu. Iwo anagunditsa foni. Kamakina kanalira moipa.

"Otra vez," anatero mtsikanayo.

A Wailesi anali ndi chiganizo chimodzi chokha, ndiye anachibwereza. Mtsikana analoza foni, akulankhula pang'onopang'ono ngati kwa mwana. Iwo anachibwerezanso, mokweza. Kumbuyo mzere unali utatalika, bambo wina akuusa moyo, ndipo mmodzi wa mapasa anayamba kulira, mnzake n'kumuthandiza. Anasiya matewera pomwepo n'kutuluka. Kunyumba anang'amba nsalu yawo yabwino, yomwe ankasungira ulendo wobwerera, n'kuwaveka anawo ngati matewera.

Madzulo mwana wawo atamva nkhaniyo anaseka, kenako ataona nkhope ya mayi ake analeka.

"Foni inali yotseka, amayi. Muyambe mwaitsegula ndi chala. Otra vez ndi kachiwiri. Ankakuuzani kuti muyesenso."

A Wailesi anapitanso. Ulendo uno anakonzekera ngati mayeso: moni, zikomo, ngakhale mawu opempha kuti awatsitsire mtengo, omwe mkamwini anawaphunzitsa akupukusa mutu. Anatsegula foni, kugunditsa, kamakina n'kuti tii. Zatha. Mtsikana anati gracias, zikomo yawoyo, maso ali kale pa munthu wotsatira. A Wailesi anaima pang'ono, jumbo ili m'manja, akudikira kuti mwina pali china choti anene. Panalibe. Munthu wa kumbuyo anawakankha mofatsa ndi dengu lake.

Kuyambira pamenepo ntchito yogula zinthu inakhala yawo. Ankapita, kugunditsa, kubwera, osatsegula pakamwa.

Lamlungu lina akupinda zovala anafunsa, "Mwanawe, za tikiti yanga zili pati? Benchi langa kumsika anthu alanda."

Mwana wawo sanadzutse maso. Anasalaza kamalaya kamodzi pabondo nthawi yaitali.

"Amayi, ndimafuna ndikuuzeni. Ndili ndi pakati."

A Wailesi anayang'ana khoma lija pazenera. Kenako anatola sokosi ziwiri zazing'ono n'kuzipinda pamodzi.

"Mwamuna wako andiphunzitse mawu a kogula mankhwala," anatero. "Ana atatu sadwala mosinthana."