Mapazi Makumi Atatu a Bambo Blenkin

Bambo Arnold Blenkin anabadwira ku Thorgarth mudziwu uli ndi misewu itatu. Pomwe imvi zimawagwira n'kuti utatsala umodzi. Iwiri ija, sukulu, ndi nyumba ya makolo awo, zonse zinapita ndi nyanja. Gombe lathu si la miyala ayi, ndi chiphompho cha dothi lamakande, ndipo mafunde amangolibenthula ngati buledi.

Ntchito yawo inali ya patchalitchi, kutchetcha udzu kumanda ndi kuliza belu. Koma chimene ankachinyadira chinali cha mwezi wa Meyi. Chaka chilichonse mudzi wonse unkayenda kuzungulira malire ake, kumenya miyala ya malire ndi ndodo kuti aliyense azikumbukira pothera kwawo, ndipo wotsogolera anali iwowo. Akafika kumalire a kum'mawa, kunyanja, a Blenkin ankawerenga mapazi kuchokera pampanda wa manda mpaka m'mphepete mwa phompho, n'kukalemba kuseri kwa chitseko cha tchalitchi. Kwa zaka makumi anayi yankho silinasinthe: nyanja imadya mapazi awiri pachaka.

Akazi awo, a Hilda, atamwalira anawaika m'munsi mwa mpanda womwewo, iwo n'kusungitsa malo awo pambali pake.

Ndiye kunabwera za ndale. Tauni ya Marnsea, chakumpoto kwathu, ili ndi mahotela ndi mavoti ambirimbiri. Thorgarth inali ndi nkhalamba makumi asanu. Khonsolo inamangira Marnsea chikhoma cha miyala chotchinga mafunde, ife n'kutipatsa mapepala. Khansala wathu, Mayi Pickersgill, anabwera nawo muholo ya mudzi: wofuna asayine, m'bale wake afukulidwe akaikidwe kumanda a ku Marnsea.

Anthu anasayina mitu ili pansi. A Blenkin anangokankha pepalalo ndi chala.

"Mayi, Hilda wanga sanagoneko ku Marnsea ali moyo. Akayambe lero?"

"Bambo Blenkin, nyanja ikubwera."

"Aa! Mundiuze ine za nyanja, inu amene mumaionera pamapu? Patsala mapazi makumi atatu. Zimenezo ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndi chifuwa changachi mukuona ngati ndifikako? Ndigone kaye pambali pake, ikafuna idzatitenge tonse awiri."

Tinaseka muholomo, ena mpaka kuwomba m'manja. Tikakumbukira lero manyazi amatigwira.

Kuwerenga kwawo kunali kolondola, koma kunali kwa nyanja yakale. Chikhoma chija chinatsekereza mchenga umene unkabwera ndi madzi kuchokera kumpoto n'kudzaunjikana patsinde pa phompho lathu. Mchenga utasiya kubwera, mafunde anayamba kumenya dothi lenilenilo. Chaka choyamba panapita mapazi asanu ndi awiri, a Blenkin n'kumati ndi mphepo chabe ya chaka chimenecho. Chachiwiri panapita khumi ndi anayi.

Meyi ameneyo anawerenga kawiri, ife tili chilili ndi ndodo zathu. Mapazi asanu ndi anayi basi. Sanalembe kuseri kwa chitseko. M'mawa mwake anavala jekete la kumaliro, n'kukwera basi kupita kukhonsolo kukasayina pepala lomwe analikana lija.

Yankho anabwera nalo okha Mayi Pickersgill. Anawapeza akutchetcha udzu.

"Pepani, bambo. Chimakina chokumbira sichingayandikire pamene agona akazi anupo. Nthaka yang'ambika kale."

"Ndikumba ndekha. Fosholo ndili nayo."

"Sangalole munthu kupondapo. Mawa akudzamanga waya. Mandawa atsekedwa, sadzaikamonso wina aliyense."

"Ngakhale malo anga?"

Mayiwo anangoyang'ana kumbali.

Waya anamangadi, pamodzi ndi chikwangwani chofiira. Kuyambira pamenepo a Blenkin analeka kukangana ndi anthu, ngakhale pa za mavoti, zomwe kale ankazikonda kuposa tiyi. Lamulungu lililonse ankaima pawayapo ndi maluwa a m'dimba mwawo, n'kuwaponya pamwamba. Mkono unali utafooka, maluwa ambiri ankagwera panjira, ena mphepo n'kuwabwezera kumapazi awo. Zinali zomvetsa chisoni moti odutsa ankayang'ana kwina.

Chifuwa chija chinawatenga mu Novembala, msanga ngati mmene anawerengera. Tinakawaika ku Marnsea, kuseri kwa chikhoma cha miyala, pamene madzi sadzafika. A Hilda nyanja inawatenga mu Febuluwale, okha.