Dansi ya Opanda Nsapato

Alamu anga, mwamuna wa achemwali anga aakulu, anabwera kuchokera ku Joni ndi mawailesi awiri a makaseti, chikwama chodzaza makasetiwo, ndi matama. Mawailesi aja anadzafa pambuyo pake, koma matamawo anapita nawo kumanda.

Inali nthawi ya nkhondo. Ku Milange kunali kutadzaza anthu othawa kwawo, ochokera ku Molumbo ndi ku Mongue, ogona m'makonde a masitolo otsekedwa ndi m'mashedi a tiyi, poti minda ya tiyiyo inali itasanduka tchire. Dansi m'tauni inalipo, kukalabu ya mabwana, koma pakhomo pankaima munthu woyang'ana mapazi. Wopanda nsapato sankalowa. Alamu nsapato anali nazo, zosongoka kutsogolo, koma nyimbo zawo zinakanidwa kumeneko. Zinali nyimbo zopanda gitala, ng'oma yake ya makina, yogunda mofanana osapuma. Mabwana, amene ankavina zachipwitikizi atagwirana m'chiuno n'kumakhwekhwereza miyendo, anazitcha nyimbo za pachigayo.

Ndiye alamu, chifukwa chopsa mtima, anapempha shedi yakale yoyezeramo tiyi kumunsi kwa phiri la Tumbine, nalengeza kuti dansi yawo ndi ya aliyense. Musawayamikire, ankangofuna gulu lowaonerera. Tinkayamba Lamlungu Misa ikatha, n'kutseka dzuwa lisanalowe, chifukwa kukamada aliyense ankafuna kukhala pafupi ndi ana ake ndi njira yothawira.

Ine anandiphunzitsa chifukwa cha ulesi. Kuliza makaseti kumafuna munthu akhale pansi, pamene iwo ankafuna kuzungulira pakati pa anthu, malaya atamasula mabatani. "Mlamu, tabwera kuno. Ukuliona batanili? Iyi ikamatha, iwe dina iyo. Basi." Sukulu inathera pomwepo. Zina zonse anandiphunzitsa ndi manyazi, anthu atandiyang'anitsitsa nyimbo itaduka. Ndinaphunzira kubweza kaseti ndi cholembera kuti ndisawononge moto, ndi kugunditsa khutu pawailesi yachiwiri, mawu ali pansipansi, mpaka nditapeza pamene ng'oma ikuyambira. Ndikatero ndinkailowetsa pa kugunda kwa inzake, kuti mapazi a anthu asadziwe kuti nyimbo yasintha. Tepi ikaduka ndinkailumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa achemwali. Batire linali la lole, ndipo wolisenza kukalitchajitsa ku Muloza, tsidya la Malawi, ndinali ine ndemwe. Madzi ake anandiboolera nsalu zanga zonse. Moto ukayamba kuchepa nyimbo zinkakoka, mawu n'kunenepa, ndiye zothamanga ndinkayamba nazo, zolemera n'kuzisungira kumapeto. Ntchito imeneyo ndinaikonda kuposa ina iliyonse imene ndagwirapo.

Amene ankabwera anali othawa nkhondo aja. Pansi pa shediyo panali simenti yosalala, ndipo mapazi opanda nsapato akamenya pamodzi ankatulutsa phokoso lakelake, phwa, phwa, limene ndinkalimvetsera kuposa wailesi. Panali mayi wina wachilomwe wa ku Molumbo, wamkulu ndithu, amene anafika ku Milange ndi mwana kumbuyo ndi mphika pamutu. Mwamuna wawo anatsala m'njira, ndipo sankamutchula. Sabata yonse ankasenza katundu wa amalonda pamalire. Lamlungu ankalowa, kumangitsa nsalu, n'kuvina atatsinzina, osamwetulira, osayang'ana munthu. Ndikalakwitsa polumikiza nyimbo ankatsegula diso limodzi. Ine ndinkalizira iwowo.

Mbiri inamveka m'tauni. Anayamba ndi ana a mabwana kudzasuzumira, kenako akazi a m'maofesi, kenako eni akewo. Ataona kuti aliyense ali wosavala kumapazi, anaganiza kuti ndiwo mwambo wa dansiyo, mwina ndi mmene amavinira ku Joni. Ndiye nawonso anayamba kuvula nsapato pakhomo, kuzindandalika bwinobwino, n'kulowa monyang'ama, mapazi awo ofewa akuopa simenti. Ankaseka, kumauzana kuti n'zokoma, n'zachilendo. Anthu akuluakulu, a mimba zawo, kudzasewera umphawi Lamlungu masana ngati ana apamasanje! Nyimbo za pachigayo zija tsopano zinasanduka zamakono. Alamu anasiya kulonjera osenza katundu, n'kumathamangira kupukuta benchi ndi mpango wawo.

Tsiku lina nsapato ya mkazi wa bwana wina inasowa. Imodzi yokha, inzake ili pomwepo. Wakuba wanzeru zake nsapato imodzi akaitani? Agalu ankayendayenda pakhomopo masana onse, koma galu alibe nsalu yoti um'seche. Anandilamula kuti ndizimitse wailesi. Anaimika othawa nkhondo onse kukhoma, alonda a bwanayo n'kumawafunyulula mmodzimmodzi. Mayi a ku Molumbo anawatsitsitsa mwana kumbuyo, n'kukutumula mbereko pamaso pa anthu. Nsapato sinapezeke, ndipo palibe anapepesa.

Lamlungu lotsatira ndinapeza munthu ataima pakhomo, akuyang'ana mapazi. Lamulo la alamu linali lakuti dansi ikhalabe ya opanda nsapato, poti alendo aikonda choncho, koma wolowa azibwera ndi nsapato zoti avule.

"Alamu," ndinawafunsa, "zimenezi mwaganiza nokha, kapena akuganizirani?"

"Iwe mlamu suona patali. Bayileyu, dansi yathuyi, wakula. Mashefi, mabwanawa, akamataya nsapato kuno atitsekera."

"Nanga amene tinayamba nawo?"

"Azimvera panja. Khomali si lochindikala."

Ineyo anandibwerekera nsapato za pulasitiki za achemwali, zondithina, kuti ndizidutsira pakhomo.

Othawa nkhondo sanali opusa. Anapeza nsapato za matayala peya imodzi. Wina ankadutsa nazo pakhomo, kuzibisa m'nsalu, n'kukaziponya pazenera la kumbuyo, kumene mnzake ankadikira. Mayi a ku Molumbo za pazenerazo anazikana. Anaima patali manja ali kumbuyo, kenako anatembenuka n'kumapita. Alamu atatulukira zimene zinkachitika anakhomera lata pazenerapo, osaganiza kuti zenera linali lomwelo basi. Mkati munada, munatentha, mabwana n'kuyamba kununkhizana thukuta ngati anthu ena onse, chinthu chimene sanabwerere. Anayambanso kudandaula kuti dansi yazizira, siikukoma ngati kale. Ikanakoma bwanji? Ovina enieni anali atawathamangitsa okha, ndipo mabwanawo ankangodumphadumpha n'kumayang'anana. Ndinkalumikiza nyimbo mwaluso, tsiku lina n'kulakwitsa dala kuti ndione, koma palibe anatsegula diso kapena kuphonya phazi, poti phazilo silinali pa ng'oma n'kale. Ndinkawanyoza ndili pabenchi panga, ndipo mpaka lero ndimawanyozabe. Anayamba kuchepa, ndipo mvula isanagwe onse anali atabwerera kukalabu kwawo.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Alamu anazula lata lija, kuchotsa wapakhomo, n'kundituma kuti ndikaitane "anthu athu aja". Okha sakanapita, nkhope akanaibisa kuti? Ine ndinavomera chifukwa dansi yanga ndinkaifuna, ndipo ndinkadziwa kuti mayi a ku Molumbo akabwera, ena onse atsatira. Ndinawapeza pamalire akupinda nkhata, thumba la mchere lili pambali.

"Amayi, alamu akuti khomo latseguka. Za nsapato zija zatha."

Sananditukwane. Anangondipempha kuti ndiwatwike thumbalo, ndipo litakhazikika pamutu ndi pamene analankhula.

"Mwanawe, ku Molumbo anatithamangitsa ndi mfuti, koma nkhondo ikadzatha ndidzapitako, ndi kwathu. Kumene anandivula mwana kumbuyo chifukwa cha nsapato ya munthu, ine sindipondakonso. Ukawauze alamu akowo avine okha."

Lamlungu limenelo ndinasenza batire, kulumikiza mawaya, n'kuliza nyimbo yoyamba mpaka kumapeto, m'shedi muli ine ndi alamu basi. Iwo anali atavula kale nsapato, ataima pakhomo akuyang'ana kumsewu. Nyimbo yachiwiri sindinaidine.